Mphuno yanga yatha ntchito

Ndinakulira ku Nkhotakota, ndiye za chamba musandiphunzitse. Munthu akasuta fungo limamukakamira m'malaya mpaka m'tsitsi, maso ali psuu, akafika pakhomo n'kulunjika ku mphika. Amayi ankamutulukira mlongo wanga asanakhale n'komwe pansi. Ambirife tinafika kuno ku Manchester tikudalira luso lomwelo, tikumati mwana akadzangoyamba tidzamva ndi mphuno.

Zimene ana a kuno akusuta pano zimanunkhira mango ndi maswiti. Ndi timadzi tothira mu vape (kachipangizo ka batire kosutira nthunzi), m'kabotolo kochepa ngati ka mankhwala a m'maso. Amagula kudzera pa Snapchat kapena TikTok, wogulitsa n'kuwauza kuti ndi THC, chija chimaledzeretsa mu chamba. Koma THC ndi yodula, choncho ogulitsa ambiri amangothiramo Spice, mankhwala otsanzira chamba.

Spice salima, amachita kupanga mu labotale. Umodzi mwa mitundu yake yoyamba, JWH-018, unachokera ku kafukufuku wa John W. Huffman wa ku Clemson University ku America, yemwe m'zaka za m'ma 1990 ankafuna kumvetsa mmene chamba chimagwirira ntchito m'thupi. Akathyali anangowerenga zimene iye analemba n'kuyamba malonda. Boma likaletsa mtundu umodzi, iwo ankasintha pang'ono kapangidwe n'kutulutsa wina, mpaka mu 2016 Britain anakhazikitsa lamulo la Psychoactive Substances Act loletsa zonse pamodzi. Masitolo ogulitsa Spice anatsekedwa, malonda n'kutsikira mumsewu. Amene munali kuno mu 2017 mukukumbukira Piccadilly Gardens, bwalo la pakati pa mzinda uno: anthu ataima chowerama, mutu uli pa mawondo, osagwedezeka. Nthawi imeneyo inali nkhani ya anthu ogona panja ndi akaidi.

Tsopano yalowa m'chikwama cha sukulu. Mu 2024 akatswiri a ku University of Bath anayeza ma vape 596 amene aphunzitsi analanda m'sukulu 38 za ku England. Pafupifupi imodzi mwa 6 iliyonse inali ndi Spice. Za THC yeniyeni zinali ngati imodzi pa 100.

Mwana wa mnzanga wakutchalitchi, wa zaka 14, anagwa pamalo okwerera basi akuweruka. Anayamba kusanza, kenako kuphupha, milomo ili mbuu. Anzake anamukokera kuseri kwa mpanda n'kuyamba kumupepeza ndi kope, poopa kuti akaimba foni makolo adziwa. Amene anaitana ambulansi ndi gogo wina wodutsa ndi galu. Kuchipatala mayi ake ankangobwereza mawu amodzi: “Mwana wanga sasuta chamba, ndikanamva ine.” Ankanena zoona. Mnyamatayo atatsitsimuka anati, “Amayi, ndinangokoka kawiri, chinali cha mnzanga.” Kawiri kokhako n'kokwanira, chifukwa Spice amagwira ubongo mwamphamvu kuposa chamba, komanso botolo lina limakhala lopyapyala, lina lokhathamira, ndipo wogulitsa mwiniwakeyo sadziwa kuti wathira wochuluka bwanji.

Pali khalidwe lathu lina limene limandinyansa. Mwana akalakwa timathamangira kumuopseza kuti “ndikutumiza kumudzi kwa agogo ako, ukaone.” Nkhani timaibisa, pagulu la WhatsApp timangolemba kuti tikupempha mapemphero, osatchula vuto. Ine kupemphera ndimapemphera, musandimve molakwa. Koma ana aja anabisa mnzawo kuseri kwa mpanda chifukwa amatidziwa bwino ifeyo.

Mwana wanga ndinamukhazika pansi tikudya, ndinamuuza zinthu zochepa. Mnzako akagwa, imba 999 pompo. Mugoneke chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi. A ambulansi akafika uwapatse vape ija n'kuwauza zimene munagula, osanama. Kukalipa ndidzakalipa ndithu, koma mawa lake. Iye anangoti “chabwino Amayi,” maso ali pa mbale. Kenako, osandiyang'ana, anandiuza kuti m'kalasi mwawo aliyense amadziwa amene amagulitsa.

Ena kutchalitchi anasangalala boma litaletsa ma vape otaya ukamaliza kusuta kuyambira pa 1 June 2025, ati vuto latha. Komatu akatswiri a ku Bath aja anapeza kuti Spice wambiri anali m'ma vape othiramo timadzi mobwereza, ndipo amenewo akugulitsidwabe m'sitolo ya pakona pa msewu wathu.