Kupeza chilolezo chokonzera nyumba yadothi ku Devon

Kanyumba ka apongozi anga m'mudzi wina ku Devon, ku England, n'kadothi, kofolera ndi mapesi a tirigu. Tsiku loyamba kukaona ndinaseka chamumtima, ulendo wonsewu kudzapeza nyumba yonga yamdindo! Khoma lina litayamba kunyowa m'kati, ndinati tingogumula pulasitala wa simenti amene wina anamata kalekale. Mmisiri anakana kugwira hamala. Nyumbayo ili pa mndandanda wa zotetezedwa, gulu la Grade II, ndipo lamulo la 1990 limati kuisintha, kunja kaya m'kati, popanda chilolezo cha khonsolo ndi mlandu.

Fomu sinandivute. Imadzazidwa pa Planning Portal, webusaiti yopempherapo zilolezo za zomangamanga, ndipo salipiritsa. Chimene chinandidyera nthawi ndi chikalata chimene amati heritage statement, chofotokoza mbiri ya nyumba ndi chifukwa chake ntchito yathu siiwononga. Pa webusaiti ya Historic England, bungwe la boma loona za nyumba ndi malo akale, ndinangopeza mizere yochepa yonena za nyumbayo, choncho ndinakwera kudenga ndi tochi. Mitengo yaikulu yonyamula denga ndi mapesi a m'kati zinali bii ndi mwaye, ngati khitchini ya agogo. Ndiye kuti poyamba munalibe chumuni. Moto unkasonkhedwa pakati pa nyumba, utsi n'kumatulukira m'denga. Chumuni ndi chipinda cham'mwamba zinabwera pambuyo.

Za eni ake ndinakazifufuza ku Devon Heritage Centre, malo osungirako zikalata zakale ku Exeter, komwe salola cholembera cha inki, pensulo yokha. Ndinayambira pa mapu a chakhumi, osonyeza malo olipirira chakhumi cha mpingo, amene anajambulidwa potsatira lamulo la 1836. Nambala ya puloti inandipatsa dzina la mwini malo ndi la wokhalamo, anthu awiri osiyana. Dzina la mwini malo ndi limene linandifikitsa ku mtolo wa zikalata za lendi zolembedwa pachikopa.

Apa m'pomwe ndinadabwa. Lendiyo inali ya zaka 99, koma yomangidwa pa miyoyo ya anthu atatu otchulidwa maina. Womaliza mwa atatuwo akangotsikira kuli chete, nyumba inkabwerera kwa mwini malo, ngakhale zakazo zisanakwane. N'chifukwa chake bambo ankalembetsa mkazi wake ndi kamwana, ndipo mmodzi akamwalira ankalipira ndalama zambiri kuti awonjezere dzina lina. Pamaliro mwini malo ankalandiranso chiweto chabwino koposa pakhomopo, kapena ndalama m'malo mwake. Kukonza nyumba unali udindo wa wobwereka, ndipo ine ndikuganiza kuti ndi chifukwa chake yathuyi n'njomangidwa mwazigamba: munthu ankawonjezera chipinda akaona kuti maina atatu onse ali moyo. Lamulo la 1925 linasandutsa malendi otere kukhala a zaka 90.

Zonsezi ndinazilemba m'masamba anayi, n'kuikapo zithunzi za mwaye uja ndi za khoma lonyowa. Ndinafotokoza kuti simenti imatsekera chinyezi m'dothi, pomwe laimu amalola khoma kuuma. Khonsolo imayenera kuyankha m'masabata asanu ndi atatu. Ofesala woona za nyumba zakale anabwera, anagogoda khoma ndi chala, n'kufunsa apongozi ngati denga likudontha.

"Iyayi, koma mkamwini wangayu wandidzazira fumbi m'nyumba," anatero mayiwo.

Chilolezo chinabwera ndi lamulo limodzi: tiyambe tamata laimu pakachigawo kakang'ono, adzaone, ndiye tipitirize. Mmisiri anayambira kuseri, pafupi ndi khomo la kukhitchini.