Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 6: Aroma 13 ndi Kalata ya Maepiskopi

Bambo anga anali mkulu wa mpingo wa CCAP, ndipo kwathu ku Chinamwali kunali vesi limodzi lotitseka pakamwa. Tikadandaula kuti ayufi atibweza pamsika chifukwa cha khadi la chipani, iwo ankatsegula Buku Lopatulika pa Aroma 13: "Anthu onse amvere maulamuliro a akulu." Nkhani inkathera pomwepo. Sanali achinyengo ayi, ankakhulupiriradi zimenezo ndi mtima wonse. Ngodya zinayi za Kamuzu, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, kwa iwo zinkamveka ngati zatuluka m'Baibulo momwemo. Ndende ya Mikuyu inali pafupi pomwepa, koma dzina lake sitinkalitchula ngakhale pa nsima.

Nditalowa ku Chancellor College mu 1991, ndinasankhako phunziro la zaumulungu. Amene ankatiphunzitsa Chipangano Chatsopano anali abusa ofatsa, osakonda kukweza mawu. Vesi lililonse ankalifunsa mafunso omwewo: analemba ndani, ankalembera yani, liti, nanga kumeneko kunali vuto lanji?

Tsiku la Aroma 13 sindidzaliiwala. Anatifotokozera kuti Paulo analemba kalatayo ali ku Korinto, cha m'ma 57, Nero atangolamulira zaka zochepa. Akhristu a ku Roma anali kagulu kakang'ono kokumana m'nyumba za anthu, ndipo Ayuda anali atangobwerera kumene mumzindawo mfumu Klaudio atawathamangitsa, monga timawerengera pa Machitidwe 18:2. Anthu ankang'ung'udzanso ndi misonkho, n'chifukwa chake ndimeyo imathera pa nkhani ya msonkho. Paulo ankateteza nkhosa zochepa kuti zisaphedwe chabe. Kenaka anatiuza kuti tiwerenge vesi 4, limene limati wolamulira ndi mtumiki wa Mulungu wochitira iwe zabwino. "Nanga akasiya kuchita zabwino?" anafunsa motero, n'kukhala chete. Palibe anayankha, poti m'kalasi simunkadziwika amene akakunenere. Anangolemba pabolodi Machitidwe 5:29, pamene atumwi akuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu, ndi Chivumbulutso 13, pamene ulamuliro womwewo wa Roma ukutchedwa chilombo, n'kutuluka.

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi awo dziko lonse. Inanena poyera za malipiro ochepa, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, za mantha olankhula. Boma linati kupezeka nayo ndi mlandu woukira, makina osindikizira a ku Balaka anatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko muno. Ophunzira tinayenda mumsewu wa Zomba tikuimba, kuikira kumbuyo Akibishopu James Chiona ndi anzawo.

Madzulo ake bambo anandiitana pakhonde, Baibulo lili pamwendo.

"Iwe, tinakutumiza kusukulu kapena kukaukira boma? Malembo akuti chiyani?"

Ndinakhala pansi n'kupempha: "Bambo, mundilole ndiwerenge mpaka vesi 7."

Anandilola. Ndinawauza za Nero, za misonkho, za azamba a ku Aigupto amene anakana lamulo la Farao, za Natani amene anadzudzula Davide maso ndi maso. Anamvetsera osandidula, chinthu chimene sanachitepo. Pomaliza anati, "Abusa akowo auze kuti mutu umodzi susenza denga. Abwere adzatiphunzitse ife akulu a mpingo, asamangobisira inu ana."

Mawu amenewa amandipwetekabe, chifukwa mpaka lero zimene zimaphunzitsidwa ku sukulu ya zaubusa ya ku Zomba kapena ku seminale ya St Peter's sizifika mokwanira kumiphakati ndi kumilaga. N'chifukwa chake munthu amangotola Salmo 105:15, "musakhudze odzozedwa anga", n'kuopseza nalo mpingo wonse kuti usafunse za ndalama za chopereka, pamene salmolo likukamba za Abrahamu, Isake ndi Yakobo ali alendo m'dziko la eni.

Pa referendamu ya pa 14 Juni 1993 bambo anavotera nyali, chizindikiro cha ofuna zipani zambiri, ndipo anatiuza okha. Koma zimenezo n'zam'tsogolo. M'gawo lotsatira ndidzakamba za tsiku limene koleji inatsekedwa, ndi m'mene amayi anabisira kope langa la kalata ija m'thumba la ufa.