Nthenga zomangira nyambo: zosola pakhomo, zogula kunja ndi zimene ndimakana

Ndisanapite kokagula kapena kokapempha nthenga, ndimayamba ndalemba nyambo zimene ndikufuna kumanga, zija zowedzera zomangidwa ndi nthenga pa mbedza kuti zifanane ndi kachilombo kapena kansomba, ndi madzi amene zikaponyedwemo. Nsomba ya trout ya pa phiri la Zomba kapena ya m'madamu a ku Chelinda, pa Nyika, imadya tizilombo tating'ono, tina toyandama, tina tokwawa pansi pa miyala. Mcheni wa kumunsi kwa Shire, kupitirira mathithi a Kapichira, amadya nsomba zinzake ndipo mano ake sasiya kanthu. Choncho pa nthenga iliyonse ndimafunsa ntchito yake pa mbedza: kuyandamitsa, kugwedezeka m'madzi, kunyezimira, kapena kupirira mano. Mkangano wa anthu woti zabwino ndi zachilengedwe kapena zopanga ku fakitale umatha msanga mukafunsa chonchi, chifukwa ntchito iliyonse ili ndi mwini wake.

Ndimayambira kumudzi. Nyambo zomira, zija zotsanzira mphutsi za m'madzi ndi tizilombo tomwe tamizidwa, zimafuna nthenga yofewa yomwa madzi, ndipo yotere ili paliponse pamene pali khola. Vuto ndi nthawi yokha. Kwathu nkhuku ikangophedwa imalowa m'madzi otentha kuti isosoleke bwino, ndipo nthenga yophikidwa chonchi imapindika n'kufota, ntchito yake yatha. Ndiye ndimapangana ndi eni ake tsiku lisanafike. Ndimati, "Amayi, mukamapha tambala uja mundiitane madzi asanafike pamoto." Amaseka, amafunsa ngati ndayamba zausing'anga, kenako amavomera.

Pa tambala ndimafuna khosi lonse ndi chikopa chake, kuchokera kuseri kwa lipombo mpaka pamapewa, komanso nthenga zazitali zolendewera kumbuyo pafupi ndi mchira. Kusenda chikopa n'kwabwino kuposa kuzula, chifukwa nthenga zimakhala pamalo pake malinga ndi kukula: zing'onozing'ono kumutu, zazikulu kumunsi. Tambala wokhwima, woposa chaka, ndiye ali ndi nthenga zowala ndi zolimbako. Wofiira ngati njerwa ndi wamawanga akuda ndi oyera ndi amene ndimawasaka kwambiri. Nkhuku zoyera za m'makola a malonda musavutike nazo, zimaphedwa zili ndi masabata ochepa nthenga zisanakhwime. Thadzi nalo lisanyozedwe: nthenga za pamsana pake ndi zofewa, ukazizunguliza kuseri kwa diso la mbedza zimatseguka ndi kutsekeka m'madzi mmene imachitira miyendo ya kachilombo kamoyo.

Nkhanga ndiyo chuma chathu chenicheni. Anzathu a ku Ulaya amagula nthenga zake m'timapaketi, ife timaziponda pabwalo. Zamadontho ang'onoang'ono za kukhosi ndi pachifuwa zimakhala miyendo ndi michira ya nyambo, ndipo zimalandira utoto bwino. Ndimatenga za nkhanga yoweta, osati ya kutchire. Pa nkhukundembo ndimatenga zinthu ziwiri: nthenga zolimba za kumchira, zokutira msana wa nyambo, ndi zofewa kwambiri za m'mbali mwa ntchafu ndi kunsi kwa mchira. Zofewazi ndi zomwe masitolo amagulitsa pa dzina la marabou atazinyika mu utoto, ndipo ndizo mchira wa Woolly Bugger, nyambo imene trout sikawirikawiri kuikana. Pa bakha pali kagulu ka tinthenga tozungulira kachotupa ka mafuta pamwamba pa mchira, tomwe omanga nyambo amatitchula kuti CDC. Timakola mpweya, motero nyambo imayandama popanda china chilichonse. Bakha mmodzi amapereka tochepa, choncho nyengo ya Khirisimasi ndimayendera aliyense amene ndamva kuti akupha bakha.

Zonsezi sizilowa m'bokosi langa tsiku lomwelo. Nthenga ya pakhomo imabwera ndi utitiri, nsabwe ndi mazira a njenjete, ndipo paketi imodzi yoipa ikhoza kudya bokosi lonse. Chikopa ndimachipala mafuta ndi msana wa mpeni, ndimachitsuka m'madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, n'kutsukuluza mpaka thovu litatha. Kenako ndimachitambasula pa katoni, nthenga pansi, n'kuchikhomera ndi mapini. Mbali ya mnofu ndimaipaka borax, ufa woyera woumitsa ndi kuteteza chikopa. Mchere umathandizanso borax akasowa, koma umakoka chinyezi nthawi ya mvula, ndipo chikopa chimatha kuyamba nkhungu. Chiume pamthunzi pamene pakupita mphepo, kutali ndi mphaka ndi nyerere, mpaka chitauma gwa. Chikauma chimalowa m'pepala la pulasitiki lotsekeka bwino, n'kukakhala m'firiza pafupifupi sabata. Ndimachitulutsa masiku angapo kuti mazira otsala aswe, n'kuchibwezanso. Magetsi akamathimathima ndimawonjezera masiku. Ngakhale zitatero, za kumudzi zimakhala m'bokosi lawolawo, sizigona pamodzi ndi zogula.

Utoto si wovuta. Nthenga ndi yofanana ndi ubweya, imagwira utoto wa chakudya uja wothira m'keke mukauika m'madzi otentha osawira ndi vinega pang'ono. Chachikulu n'chakuti mafuta achoke kaye, apo ayi mtundu umagwira mwa apo ndi apo.

Pali malo amodzi pamene tambala wa kumudzi amalephera, ndipo ndi pamene ndalama zanga zimapita. Nyambo youma, yoima pamwamba pa madzi, imaimira pa timinga ta nthenga yozungulizidwa pa mbedza, imene omanga nyambo amaitchula kuti hackle. Timingato tiyenera kukhala tatifupi, tolimba, tofanana kutalika, ndipo msempha wapakati ukhale wopyapyala kuti uzungulire osathyoka kapena kupotoka. Muyeso wake ndi wakuti kutalika kwa timinga kupose kukamwa kwa mbedza ndi theka. Ndimapinda nthenga pa mbedza yeniyeniyo n'kuona. Pa khosi la tambala wa kwathu ndimapeza zochepa zokwana mbedza ya nambala 12, mwamwayi 14. Za 16 ndi 18 kulibe. Kumbukirani kuti pa mbedza zimenezi nambala ikamakwera mbedza imachepa.

Atambala opereka nthenga zotere amawetedwa mwapadera, mbewu yake yosankhidwa kwa zaka makumi ambiri. Odziwika kwambiri ndi a Whiting Farms ku Delta, m'chigawo cha Colorado ku America, famu imene Tom Whiting anayamba mu 1989 atatenga mbewu ya nkhuku za woweta wina, Henry Hoffman. Nthenga imodzi ya kumsana kwa tambala wotere ndi yaitali, yopyapyala, ndipo imamanga nyambo zingapo. Amazigawa m'magiredi monga Gold, Silver, Bronze ndi Pro Grade. Giredi yapamwamba imatanthauza makamaka kuchuluka ndi kutalika kwa nthenga, osati kuti nsomba idzaikonda kuposa inzake, ndiye ine ndimagula yotsika mtima uli m'malo. Amagulitsanso theka la chikopa, kapena timapaketi ta nthenga za saizi imodzi zokwana nyambo 100. Kwa munthu womanga zoti aziwedzera yekha, timapaketi tiwiri, ka grizzly (mawanga akuda ndi oyera) ndi kofiirira, m'saizi 14 kapena 16, tikhoza kumusunga nthawi yaitali. Mitengo yake imatha kupenga: mu 2011 akazi a ku America atayamba kulukira nthenga zomwezi m'tsitsi, masitolo a zowedzera anauma ndipo mitengo inakwera koopsa.

Zoterezi ndimaitanitsa ku masitolo a zowedzera a ku South Africa, kumene owedza trout ndi ambiri, ndipo amanditengera ndi m'bale wobwera kuchokera ku Johannesburg. Ndimamuuza kuti asatsegule paketi ndipo lisiti likhale pomwepo. Nthenga ndi katundu wochokera ku ziweto, ndipo kukabuka chimfine cha mbalame mayiko amakhwimitsa malamulo a pa chipata, choncho ndimafunsa kaye ku ofesi ya za ziweto ndisanalipire. Pa oda yomweyo ndimawonjezera nthenga za pikoko ndi mchira wa tambala wa pheasant (mbalame yakunja ya mchira wautali), zimene ndi zotchipa. Mchira umenewu pamodzi ndi waya wa kopa wopyapyala ndizo zokha zimene Frank Sawyer, woyang'anira mtsinje wa Avon ku England, ankamangira nyambo yake yomira yotchedwa Pheasant Tail Nymph, popanda ngakhale ulusi. Waya sindigula, ndimamasula mu wailesi yakufa.

Tikafika pa mcheni, nthenga zimapuma. Marabou akalumidwa kamodzi amatsala ulusi wokha. Apa zopanga ndizo mfumu: sizimwa madzi ambiri, motero nyambo yaikulu imaponyeka mosavuta, zimanyezimira, ndipo zimapirira nsomba zingapo. M'masitolo akunja muli ulusi wopanga ndi zonyezimira monga EP Fibers, Flashabou ndi Krystal Flash, koma ine ndimayambira pa msika. Mesh wolukira tsitsi ndi pulasitiki yopyapyala ya mtundu womwewo wa ntchito. Ndimagula woyera, wakuda ndi wofiira, ndimawasakaniza ndi burashi, ndipo paketi imodzi imamanga tinsomba tabodza tosawerengeka. Wosalala kwambiri amaterereka pansi pa ulusi, ndiye ndimasankha wokhakhala pang'ono ndi kudonthezera guluu pomangapo. Zonyezimira za pa mtengo wa Khirisimasi zimalowa m'mbali, tiwiri kapena titatu basi. Utoto wa keke sugwira pa pulasitiki, mizere ya pamsana ndimajambula ndi maka yosafufutika. Kutsogolo kwa nyambo kumakhala kawaya, chifukwa mcheni amadula chingwe ngati lumo.

Zopanga zimathandizanso pa trout pamene hackle wabwino wasowa. Patapata wakutha ndimamudula timizere n'kumanga chiwala, kachikumbu kapena ngumbi, ndipo nyambo yotere simira ngakhale itagwira nsomba zingati. CDC ikagwira imodzi imadzola ulenda, uyenera kuitsuka ndi kuiumitsa. Chingwe cha polypropylene ndi chopepuka kuposa madzi, ukachimasula chimakhala phiko loyandama lomwe maso amaliona patali. Koma pa madzi odekha a m'damu, pamene nsomba ili ndi nthawi yoyang'anitsitsa, pulasitiki imaoneka youma. Kaminga ka nthenga kamayamba konenepa n'kumapyapyala kunsonga, n'chifukwa chake kamagwedezeka ngakhale nyambo itaima. Ka fakitale n'kofanana kuyambira kutsinde mpaka kumapeto, pokhapokha ukamete wekha ndi sizasi. Ndiponso nyambo yapulasitiki ikakodwa pa mtengo wa mu mtsinje wa Mulunguzi siiwola, imakhala pomwepo. N'chifukwa chake pa nyambo zing'onozing'ono zomira sindisintha, ndimakhalabe pa thadzi ndi nkhanga.

Pali nthenga zimene ndimakana ngakhale zaulere. Anyamata a malegeni akadziwa kuti mumafuna nthenga amayamba kukubweretserani mbalame zokongola za kutchire, ndipo mukagula kamodzi mwatsegula msika. Lamulo la National Parks and Wildlife Act, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limalanga wopezeka ndi ziwalo za nyama zotetezedwa popanda chilolezo, ndipo simungauze woweruza kuti munangotola. Kunja kuli pangano la CITES la mu 1973 loyang'anira malonda oterewa pakati pa mayiko. Kumene chilakolako cha nthenga zosowa chimafikitsa munthu kunaoneka mu 2009, pamene Edwin Rist, mnyamata wa ku America wophunzira kuimba chitoliro ku London, anathyola nyumba yosungira zachilengedwe ya ku Tring, ku England komweko, n'kuba zikopa za mbalame 299, zina zosonkhanitsidwa ndi katswiri wa zachilengedwe Alfred Russel Wallace zaka za m'ma 1800. Ankazidula n'kugulitsa kwa omanga nyambo za nsomba ya salmon za kamangidwe kakale, nyambo zomwe zambiri siziona n'komwe madzi, zimangokhala m'galasi.

Yomwe imayesa anthu ambiri ndi jungle cock, tambala wa m'nkhalango za ku India wokhala ndi nthenga za kadontho kowala konga diso. Ali pa ndandanda yachiwiri ya CITES, ya zamoyo zimene malonda ake pakati pa mayiko amafuna chilolezo, ndipo ogulitsa oona amakhala ndi mapepala osonyeza kuti mbalameyo inawetedwa. Wa pa intaneti amene akuzemba funso la mapepala ndimamusiya. Alipo maso apulasitiki osindikiza olowa m'malo mwake, koma ndi ouma ndipo amathyoka potsinde. Ine ndimatenga kanthenga ka nkhanga kokhala ndi dontho limodzi loyera pafupi ndi nsonga, ndimameta m'mbali kuti dontholo litsale pakati, n'kupakapo kyutekisi wosaoneka mtundu. Akauma ndimapakanso kachiwiri, kenako ndimamanga kamodzi mbali iyi, kena mbali inayo.