Ayuda a masitolo m'matauni a golide ku America

Sabata yatha tinapatsidwa asayimenti ya histole ya America, za matauni akumadzulo aja a nthawi ya golide. Ine m'mutu mwanga munali mahatchi ndi mfuti basi, koma nditayamba kuwerenga ndinakodwa pa anthu ena amene sindinkawaganizirako n'komwe, Ayuda ogulitsa katundu.

Ambiri oyambirira anachokera ku Bavaria, dera la ku Germany ya lero. Kumeneko lamulo la 1813 linkaika malire pa chiwerengero cha mabanja achiyuda pamalo, ndiye mnyamata amatha kumera ndevu mpaka kalekale asanaloledwe kukwatira n'kukhala pake. Nde anyamata ambiri anangokwera sitima ulendo ku New York.

Chomwe chandigwira mtima ndi nkhani ya mpamba. Munthu wafika alibe kalikonse, Chingelezi sakuchidziwa, geni ayamba bwanji? Yankho lake ndi ngongole ya pachibale. Mchimwene kapena malume amene anatsogola ali ndi hoselo, amakupatsa katundu usanalipire: singano, ulusi, mabatani, nsalu, zipeso. Iwe umamanga chimtolo kumsana n'kumayenda wapansi famu ndi famu, kugona komwe dzuwa lakulowera, chakudya n'chovuta poti nkhumba sudya. Ambiri amabwerera mtauni Lachisanu kudzasunga Sabata, kubweza ngongole ndi kupikula katundu wina. Zikayenda umagula ngolo, kenako kasitolo, kenako nawenso umaitana mng'ono wako kumudzi. Ngongoleyo sunathawe nayo chifukwa mwini wake ndi wakwanu, mbiri ikafika kwa amayi ako.

Levi Strauss, wa majinzi yemweyu, anabadwira ku Buttenheim, ku Bavaria komweko, mu 1829 ndipo anafika ku San Francisco mu 1853 kudzatsegula hoselo yolumikizana ndi bizinesi ya azichimwene ake ku New York. Ine ndinkangoti ndi iye anasoka jinzi yoyamba, ayi ndithu. Maganizo oika timisomali tamkuwa m'makona a matumba anali a telala wina wa ku Reno, Jacob Davis, Myuda wochokera ku Riga, ku Latvia ya lero, amene amaoda nsalu kwa Strauss. Ndalama ya patent, pepala la boma loletsa ena kubera luso lako, inamuvuta, nde analembera kalata Strauss kuti agwirizane, ndipo pepala linatuluka pa 20 May 1873. Telala uja ndimamumvera chisoni pang'ono, dzina lake ndani akulidziwa lero?

Ku Deadwood, tauni ya golide ku South Dakota ya lero, kunali Myuda wina, Sol Star, amene anafika mu 1876 ndi mnzake Seth Bullock n'kutsegula hadiweya, kenako anakhala meya zaka zoposa khumi. Tauni ya anthu okumba golide, mawa atha kuchoka onse, koma wa sitolo sangachoke msanga poti buku lake ladzaza ndi ngongole za anthu, ndiye ndi iye amene amafuna misewu, sukulu ndi bata. Koma si kuti zonse zinali bwino. Mu December 1862, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, General Grant, mkulu wa asilikali a boma, analamula kuti Ayuda onse achoke m'chigawo chake cha asilikali powaganizira za katangale wa thonje, Pulezidenti Lincoln ndi amene anafafaniza lamulolo mu January 1863.

Chinandidabwitsa china n'chakuti nkhani yomweyi inachitikanso kuno pafupi. Elie ndi Harry Susman, pachibale pawo ochokera ku Lithuania, analowa ku Barotseland, kumadzulo kwa Zambia ya lero, mu 1901 kukagula ng'ombe, kenako anakhazikika ku Livingstone n'kukhala ndi masitolo m'madera ambiri a Zambia ya lero. Ndawaika m'ndime yomaliza ya asayimenti ngakhale funso likuti America, aphunzitsi akandidula mamakisi ndingovomera.