Musapale mfuti ya agogo

Mfuti yakale ikamanyezimira, ine ndimadziwiratu kuti pali wina amene waikonda molakwika. Ntchito yanga ndi ya zitsulo, ndimasema ndi kuwotcherera ku Luwinga kuno ku Mzuzu, ndipo maso anga anazolowera kuzindikira chitsulo chimene chadyedwa ndi tupa kapena sandipepa. Pa zinthu zonse zimene anthu amandiitanira kuti ndikaone, zimene zimandiwawa kwambiri ndi mfuti za m'manja zakale zimene mdzukulu wazikwecha monga amakwechera poto wa nsima, poganiza kuti akulemekeza agogo ake. Zimene wachotsa pamenepo sizibwereranso: mtundu wake woyambirira, tizilembo ting'onoting'ono, ndi m'mbali mwakuthwa mmene anasiya amene anaipanga.

Ine ndilibe mfuti, ndipo kuwombera sindikulakalaka. Chinandikoka ndi mbiri ya kumpoto kuno, imene mfuti sizisowamo. Ku Karonga, pakati pa 1887 ndi 1889, azungu a kampani ya African Lakes, ija ya Mandala, anamenyana ndi Mlozi ndi anthu ake ogula akapolo, ndipo Mloziyo anadzagwidwa n'kupachikidwa mu Disembala 1895. Mfuti zambiri za masiku amenewo zinali za gogodela, zothira wonga kukamwa. Pa 9 Sepitembala 1914 Ajeremani anaukira Karonga kuchokera kutsidya kwa Songwe, ndipo manda a ena amene anafa pankhondoyo alipo mpaka lero. Ngakhale dzina la Moyale Barracks, imene timaiona tsiku ndi tsiku, linachokera kumalire a Kenya ndi Ethiopia kumene asilikali a King's African Rifles (KAR) ochokera kuno analimbana ndi Ataliyana mu 1940. Koma msilikali wamba ankanyamula mfuti yaitali. Ya m'manja inali ya akuluakulu a nkhondo, mabwana a boma ndi a m'maesiteti. N'chifukwa chake n'zosowa kwambiri m'makomo mwathu, ndipo imodzi ikawonongeka palibe ina yodzalowa m'malo mwake.

Yosamalika koposa imene ndinaigwirapo ndi ya bambo wina wachikulire ku Katoto, yemwe ali ndi chiphaso chake cha kupolisi. Amati bambo awo anali kapitawo pa esiteti ya mitengo ya mafuta ya tung, ija imene inayambitsa tauni ino kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo bwana wawo anawasiyira pobwerera kwawo. Anaiika patebulo ili m'thumba lake lachikopa, thumbalo litakulungidwanso m'chitenje chakale.

"Amisiri, ana akuti ndikupatseni muiyeretse. Yada kwambiri."

"Adada, tiyambe taitsegula kaye, tione ngati mulibe kanthu. Zoyeretsazo tikambirana bwino."

Chimenechi ndiye choyamba nthawi zonse, ngakhale mwiniwake alumbire kuti mulibe chipolopolo. Iyi inali Webley Mark VI, mfuti imene asilikali a Britain anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1915, ya zipolopolo za .455, yolowa zisanu ndi chimodzi. Ubwino wa Webley ndi wakuti imathyoka pakati: mukakankha kachitsulo ka kumbuyo ndi chala chachikulu, mpope umaweramira pansi ndipo zibowo zonse za silinda, chitsulo chozungulira cholowamo zipolopolo, zimaonekera poyera. Zonse zinali zopanda kanthu. Gogodela ndi mfuti zina zothira wonga kukamwa ndiye zoopsa kwambiri pamenepa, chifukwa simungaone m'kati, ndipo wonga wouma umatha kuyaka ngakhale patapita zaka zambirimbiri. Imeneyo musaigogode, musaiyandikizitse kumoto, musasuzumire m'mpope mwake. Itanani apolisi odziwa za zida.

Titatsimikiza, ndinatulutsa tochi ndi galasi lokulitsa. Tochi simuwalitsa molunjika, mumaigoneka cham'mbali kuti kuwala kudutse chopendekeka pachitsulo, ndipo tizilembo timene masana sitioneka timatuluka tokha. Kumanzere kwa mfutiyo kunali dzina la Webley ndi chaka cha 1917. Panalinso kachizindikiro kooneka ngati mutu wa muvi, kamene boma la Britain linkadinda pa katundu wake yense wa nkhondo, ndi tizisoti tachifumu tokhala ndi manambala pansi pake, tosonyeza anthu amene anaiyendera isanatuluke. Chimene chinandisangalatsa koposa chinali mivi iwiri yoyang'anizana nsonga ndi nsonga. Imeneyi ankaidinda pamene asilikali agulitsa mfuti kwa anthu wamba mwalamulo. Ndinawaonetsa bambo aja pagalasi, ndipo anakhala kanthawi akuyang'ana, kenako anati, "Ndiye kuti bwana uja sanaibe." Kachizindikiroko n'kakang'ono kuposa njere ya mpunga, ndipo sandipepa akanangodutsa kawiri basi kakanatha.

Kenako manambala. Pa Webley nambala imodzimodziyo imapezeka pa thupi la mfuti, pa mpope ndi pa silinda. Zikagwirizana zonse zitatu ndiye kuti mfutiyo ili monga inachokera ku fakitale ya Webley ku Birmingham. Zikasiyana ndiye kuti wina analumikiza ziwalo za mfuti ziwiri kapena zitatu, zimene zinkachitika ndithu kumalo okonzera zida a asilikali, koma osonkhanitsa mfuti zakale amaitsitsa mtengo. Pa silinda pali chinanso choyenera kuyang'ana. Nkhondo yachiwiri itatha, ma Webley ambiri anagulitsidwa ku America, kumene zipolopolo za .455 zinali zosowa, ndipo ogulitsa ankasema kumbuyo kwa silinda kuti muzilowa za .45 ACP. Zipolopolo zimenezo n'zamphamvu kuposa zimene mfutiyi inapangidwira, ndipo ma silinda ena anaphulika nazo. Yosemedwa imadziwika chifukwa manambala a m'mphepete mwa silinda amakhala odukizidwa pakati. Ya ku Katoto manambala ake anali athunthu.

M'mpope ndinawalitsa tochi kuchokera kumbuyo n'kusuzumira kutsogolo, mfuti ili chothyoka. Mizere yopota ya m'kati inkaoneka bwino, kupatula timaenje tochepa pafupi ndi polowera chipolopolo. Timaenje totere timachokera ku mchere umene zipolopolo zakale zinkasiya m'mpope, umene umakoka chinyezi munthu akapanda kutsuka atangowombera. Sitichoka, ndipo amene angakuuzeni kuti akhoza kutichotsa ndiye kuti akufuna kudya chitsulo chozungulira. Ndinayesanso silinda: kukoka kanyundo pang'onopang'ono, kumvetsera ngati silinda ikufika pamalo pake n'kutsekeka kanyundo kasanafike kumapeto, kenako kuigwedeza ndi zala kuona ngati ikusewera. Inkasewera pang'ono chabe. Masikuluwu ndiwo anandiuza zambiri: mitu yake inali yosaphwanyika, kusonyeza kuti palibe amene anaimasulapo ndi mpeni kapena sikuludiraiva yosayenera. Zogwirira zake, za labala wolimba wakuda, zinali ndi kachigamba kamodzi kothetheka pakona yapansi pafupi ndi mphete yomangirapo chingwe.

Tsono za kuda kuja kumene ana ankadandaula. Osonkhanitsa mfuti ku America ali ndi muyeso wa bungwe la eni mfuti la NRA woyezera mfuti zakale, ndipo umayang'ana zinthu ziwiri makamaka: ngati ziwalo zonse zili zoyambirira, ndi kuchuluka kwa mtundu woyambirira umene watsala pachitsulo. Kuti ikhale pa mlingo wa Excellent pamafunika mtundu woposa magawo 80 pa 100 alionse, pa Fine woposa 30, ndipo pa Very Good kuyambira 30 kutsika mpaka wopanda n'komwe, malinga ziwalo zikhale zake zenizeni. Taonani pamenepo: mfuti imene mtundu wake unatheratu ndi ukalamba imatha kukhalabe pa mlingo wabwino, koma imene yapalidwa n'kupakidwa mtundu watsopano yataya chimene akuyezacho. Yopakidwanso sivuta kuizindikira. Makona ake amakhala obulungira, zilembo zimaoneka zosazama ndi zofufutika m'mbali, ndipo pozungulira masikuluwu pamakhala potsetsereka chifukwa makina opukutira amadya kwambiri m'mphepete mwa chibowo. Ya bambo aja, poyang'ana ndi maso anga, mtundu wakuda wobiriwira pang'ono unatsala pafupifupi theka, makamaka m'malo obisika, ndipo pamene thumba linkakhudza panali potuwa.

Dzimbiri lilipo la mitundu iwiri, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Pali lija lofiirira modera, losalala mukalisisita, limene lakhazikika pachitsulo kwa zaka zambiri. Limenelo si matenda, ndi khungu limene chitsulo chavala, ndipo limachitetezanso. Lisiyeni. Ndiye pali lija lofiira kwambiri, lotupa, limene limasiya ufa pachala. Limenelo ndi lamoyo, likudya chitsulo pamene mukuliyang'anapo. Pa Webley ija linali m'malo awiri, pansi pa mpope ndi pakona ya silinda, ndendende pamene chikopa chinkagunda. Ndinadonthezerapo oyilo wa makina osokera, n'kusiya kuti alowerere, kenako ndinatokosa pang'onopang'ono ndi kansungwi kosongola mpaka ufa wofiira utasiya kutuluka pansalu. Basi. Sitiliwulu, sandipepa, buleki fuluwidi, viniga, phulusa, zonsezi zisayandikire.

Mzuzu ndi malo ovuta kwa chitsulo. Mvula yathu imachedwa kutha, nkhungu ya m'mawa imalowa mpaka m'nyumba, ndipo amene amakhala ku Chibavi kapena ku Masasa amadziwa mmene nsapato zimachitira nguwi m'kabati. Thumba lachikopa limamwa chinyezi chimenechi n'kuchisunga pachitsulo, komanso mankhwala ofufutira chikopa amadya chitsulo ndi kubiriwitsa timabatani tamkuwa. Ndinawapempha bambo aja kuti thumba lizikhala palokha, chifukwa nalonso n'lakale ndipo n'lofunika, ndipo mfuti izikhala m'bokosi lokhoma, lotalikirana ndi khoma lakunja ndi simenti yapansi, muli timapaketi tija toyamwa chinyezi timene timabwera m'makatoni a nsapato. Poigwira, nsalu yoyera kapena magolovesi, chifukwa thukuta la zala limasiya chidindo cha dzimbiri. M'nyumba zosungiramo zinthu zakale kunja amapaka phula lotchedwa Renaissance Wax, limene linapangidwa ku British Museum m'zaka za m'ma 1950. Kuno oyilo wopepuka wopaka mopyapyala kwambiri amakwanira, bola asafike pa zogwirira.

Ina imene ndinaiona inandisiya ndi chisoni. Inali kamfuti kakang'ono ka m'thumba, ka mtundu wa British Bull Dog. Webley anayamba kupanga mtundu umenewu mu 1872, ndipo amisiri a ku Liège ku Belgium anaukopera mochuluka zedi n'kumagulitsa motchipa dziko lonse. Za ku Belgium zimadziwika ndi kachizindikiro kozungulira ngati dzira kokhala ndi zilembo ELG m'kati. Kuyambira mu 1893 anayamba kuika kachisoti kachifumu pamwamba pa kachizindikiroka, choncho kachisotiko kokha kamakuuzani ngati mfuti inayesedwa chaka chimenecho chisanafike kapena chitadutsa. Mnyamata wa pabanjapo anali ataipala yonse mpaka kuyera mbee. Zilembo E ndi L zinkaonekabe movutikira, koma pamwamba pake, pamene pakanakhala kachisoti kapena ayi, panali posalala. Anachita ndi mtima wabwino, ndipo sindinamukalipire. Koma banjalo linkafuna kudziwa ngati mfutiyo ingakhale ya m'nthawi ya nkhondo za ku Karonga, ndipo yankho linali litapita ndi fumbi la sandipepa.

Anthu ena akawerenga pa intaneti kuti ku America mfuti yopangidwa mu 1898 kapena m'mbuyo mwake amaitenga ngati chinthu chakale chabe, amaganiza kuti n'chimodzimodzi kuno. Limenelo ndi lamulo la kwawo. Kwathu kuno kusunga mfuti kumafuna chiphaso cha kupolisi, ndipo ukalamba wa mfutiyo usakupusitseni. Mukaipeza m'sutikesi ya malemu kapena kudenga la nyumba yakale, musaiike m'chikwama n'kukwera nayo minibasi kubwera kwa ine kapena kwa wina aliyense. Isiyeni pomwepo, dziwitsani apolisi, ndipo muwauze kuti ndi yakale ndipo banja likufuna kuti isungidwe. Funsaninso a nyumba zosungiramo zinthu zakale, kaya ya Mzuzu konkuno, ya ku Karonga, kapena ya ku Chichiri ku Blantyre. Ndipo musayese kuiwombera kuti muone ngati ikugwirabe ntchito. Chitsulo cha zaka zoposa 100 chikhoza kukhala ndi mng'alu umene diso silingauone.

Tisanasiyane ndi bambo a ku Katoto, mdzukulu wawo wamkazi anatenga kope n'kulemba zonse: nambala, chaka, zizindikiro chimodzichimodzi ndi malo ake, dzimbiri pamene linali, ndi nkhani ya kapitawo uja monga agogo ake anaifotokozera, mawu awo enieni. Tsamba la zizindikiro ndi tsamba la nkhani tinazipatula, kuti wodzawerenga adzadziwe zimene chitsulo chikunena ndi zimene banja likukumbukira.

Chimene ndikufunitsitsa kuona tsopano ndi mfuti ya m'manja ya Ajeremani, kaya Reichsrevolver kapena Luger ija ya 1908, chifukwa nkhondo ya 1914 inadutsa m'dera lathu lomweli. Ngati kwanu ku Karonga kapena ku Chitipa kuli ina yosungidwa mwalamulo, jambulani zizindikiro zake ndi foni, tochi itagona cham'mbali, munditumizire zithunzizo. Dzina la mwiniwake ndi mudzi umene ili musalembe.