Khirisimasi ya kwathu ku Ntcheu: chaka chimene tinabwerako tikuyankhulana

Khirisimasi ya 2023 ndinabwerako kumudzi ndili ndi ngongole ya katapila, msana ukuwawa, ndiponso ine ndi achemwali anga aakulu tisakuonana ndi diso labwino. Mu Novembala chaka chimenecho kwacha inali itangotsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, shuga ndi mafuta ophikira zitakwera mtengo, koma ine ndinapita monga mwa masiku onse: wa ku Blantyre, wapantchito, woti akangotsika basi aliyense azidya. Ndinafika pa 24 usiku nditanyowa, pa 25 ndinakhala kukhitchini tsiku lonse ndikulamula, pa 26 tinakangana za munda wa malemu abambo pamaso pa ana. Mu Januwale mwana wanga anachedwa sabata yathunthu kupita kusukulu chifukwa fizi ndinali nditadyera mpunga.

Chaka chotsatira tinachita mwina, ndipo tinayambira mu Okutobala, kukutentha, mvula isanayambe n'kuganiza zogwa.

Tilipo asanu m'mimba mwa amayi. Achemwali aakulu amakhala kumudzi komweko kufupi ndi Lizulu, khomo loyandikana ndi la amayi. Achimwene amodzi ali ku Lilongwe, ena ali ku Joni, wotsiriza akadali pasukulu, kenako ine. Ndinatsegula gulu la pa WhatsApp la ife tokhatokha, opanda alamu, ndipo ndinalemba mawu amene kwa zaka zambiri ankandikanika pakhosi: "Chaka chino ine ndikwanitsa K150,000 basi, transipoti yanga payokha. Aliyense anene yake." Gululo linakhala zii masiku awiri. Ndinkangotsegula foni n'kuona kuti onse awerenga. Tsiku lachitatu achimwene a ku Lilongwe analemba kuti nawonso akhala akukongola chaka ndi chaka poopa kuoneka olephera pamaso pa ine. Tonse tinkapikisana ndi munthu amene nayenso anali kulira.

Amayi alibe WhatsApp, choncho ndinawaimbira kudzera pa foni ya achemwali. Ndinawafunsa funso limene sindinawafunsepo chiyambire: "Amayi, kodi inuyo pa Khirisimasi mumafuna chiyani?" Anaseka kaye, kenako anati, "Mwanangu, mpunga ndi wa tsiku limodzi. Nthawi imeneyo chimanga changa chimakhala chafika m'mawondo, chikudikira wobereketsa." Zaka zonsezi ndinkasenza makireti a Fanta kupita nawo kwa munthu amene mtima wake unali pa thumba la Urea. Pa ndalama zonse zimene tinasonkha, thumba limenelo ndilo linayamba kuchotsedwa, ndipo linagulidwa mu Novembala momwemo.

Nkhani yachiwiri inali ya m'nyumba mwanga. Bambo a kwathu kwawo ndi ku Mulanje, ndipo chaka chilichonse funso loti tikadyera kuti linkabwera pa 20 Disembala, aliyense atalonjeza kale kwawo mwakachetechete. Tinakhala pansi n'kugwirizana kuti tizisinthana: chaka china Khirisimasi ku Ntcheu, Chaka Chatsopano ku Mulanje, chaka chinacho n'kutembenuza. Ndinakana chinthu chimodzi chokha, kuti uthengawo ndikapereke ndine kwa apongozi. Mawu oti "sitibwera" akachokera kwa mtengwa amamveka mwina. Anaimba okha mwana wawo, ndipo apongozi anangoti tibwere ndi shuga pa Nyuwere.

Disembala ili ndi msampha wake kwa ife apantchito. Malipiro amabwera msanga, banki m'khonde nayo imagawana masheya, munthu n'kudziona ngati walemera. Koma ndalama zimenezo ndi zomwezo zoti zikufikitse kumapeto kwa Januwale, mwezi wa fizi, wa lendi, wa ufa wokwera mtengo. Tsiku limene tinagawana ku banki m'khonde sindinadutse n'komwe pamsika. Ndinapita kwa alandilodi n'kulipiriratu Januwale, n'kutenga lisiti. Fizi ndinakasiya kubanki, khadi yake n'kuisiya ku Blantyre m'kabati. Zimene zinatsala m'manja ndiye zinali za Khirisimasi. Zinali zochepa moti ndinaziwerenga kawiri, koma zinali zangadi.

Zogula ndinazigawa pawiri. Zosaonongeka, monga mpunga wa Kilombero, mafuta, shuga, mchere, masamba a tiyi ndi Sobo, ndinagula pang'onopang'ono mu Limbe kuyambira Novembala. Za moyo, mbuzi ndi nkhuku zachikuda, tinatumiza ndalama pa Mpamba kwa achemwali kuti agule kumudzi komweko anthu asanayambe kukweza mitengo, mbuziyo n'kumadya msipu pakhomo podikira tsiku lake. Mphatso za munthu aliyense payekha ndinasiya. Kale ndinkagulira azakhali chitenje, amalume malaya, uyu nsapato, ndipo nthawi zonse pankapezeka woiwalika amene ankakumbukira mpaka chaka chamawa. M'malo mwake achemwali analemba mayina a okalamba asanu ndi awiri a pamudzi, aliyense paketi ya shuga ndi sopo, zoperekedwa m'dzina la amayi. Ana onse a pabanja, anga ndi a achemwali, tinawasankhira zovala pa kaunjika mmodzimmodzi. Ndinazindikira mochedwa kuti diresi lonyezimira la mwana wanga pakati pa asuweni ake ovala zakale linkalankhula zinthu zimene ine sindinatume.

Ulendo tinanyamuka pa 21. Amene anakwerapo basi pa Wenela pa 24 Disembala akudziwa: mtengo wokwera, katundu pamiyendo, mwana wa eni pachifuwa pako, kondakitala akulumbira kuti malo alipo. Pa 21 m'mamawa tinapeza mipando yoyandikana, tinadutsa Zalewa dzuwa lisanakwere, pa Chingeni ana akugona, ndipo pa Ntcheu boma tinagula chimanga chootcha pawindo. Kuchoka apo msewu wa M1 umayenda m'malire, moti mwana wanga wamng'ono amakonda kuloza tsidya linalo n'kumati akuona Mozambique. Pa Lizulu tinatsika masana, ndipo zimenezi n'zofunika, chifukwa kuchoka pa tala kukafika kwathu ndi pa kabaza, ndipo mvula ya masana ikagwa njira ija imasanduka phala. M'chikwama changa munali maneti awiri a udzudzu, tochi, mankhwala a mutu ndi a m'mimba, ndi ndalama zosinthasintha za mapepala ang'onoang'ono. Kumudzi ukatulutsa K5,000 pogula tomato, chenje chimasowa, ndipo mbiri imafika kutsidya kwa dambo iwe usanabwerere kunyumba.

Titangolonjerana, madzi akumwa asanabwere n'komwe, ndinanena tsiku lobwerera: "Amayi, ife tinyamuka pa 28." Zikuoneka zamwano, koma kale ndinkabisa tsikulo mpaka usiku wotsiriza, amayi n'kukhumudwa ngati ndawathawa.

Chovuta kwambiri chinali cha ine ndi achemwali. Madzulo a tsiku limenelo tinakhala awiri kukhitchini, utsi uli tolo, iwo akusonkhezera moto pansi pa mphika wa nyemba. Ndinayamba ndine. Ndinati, "Achemwali, chaka chatha ndinakulakwirani." Sanayankhe msanga. Anatenga chikuni, kuchigogoda pa fuwa, kuchibwezera pamoto. Kenako anati, "Inu mumabwera ndi ndalama, ife timapereka misana. Mukapita, anthu amati Khirisimasi anatidyetsa ndi a ku Blantyre. Nkhuni anatola ndani? Madzi anatunga ndani? Amayi akadwala mu Febuluwale amawaperekeza kuchipatala ndani?" Ndinalibe poyankha. Khitchini imeneyo ndi yawo miyezi khumi ndi iwiri, ine n'kumabwera masiku atatu kudzawauza kuti anyezi sakazinga choncho. Tinapangana kuti woyendetsa zophika ndi iwo, ine ndi wothandiza, ndipo ndalama zawo pa msonkhamsonkha uja zisakhalepo, chifukwa gawo lawo analipira kale.

Ntchito tinagawana pa 23, pamaso pa amayi kuti pasapezeke wozemba. Anyamata onse, kuphatikizapo wapasukulu uja amene amakonda kukhala pa foni pansi pa mtengo wa mango, anapatsidwa migolo iwiri kuti idzaze pa mjigo ndi nkhuni zoti ziwazidwe zisananyowe. Bambo a kwathu ndi achimwene a ku Lilongwe anatenga mbuzi, kupha, kusenda ndi kuwotcha. Atsikana mbale. Thobwa amayi anakana kupatsa munthu, anati ife timathira shuga wambiri. Ndiwo zina tinaziphika usiku wa pa 24, mpunga tinasankhiratu, moti pa 25 m'mawa, kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri, ndinapita nawo kutchalitchi. Ndinaonera sewero la ana la kubadwa kwa Yesu, Herode atavala jekete la agogo ake lofika m'mawondo, akukalipa mpaka mpingo wonse kugwa ndi phwete. Zaka zonse zija ndinkangomva kuti kunali sewero, ine ndili pa mafuwa.

Alendo osaitanidwa kumudzi sungawaletse, ndipo sindikufuna n'komwe kuwaletsa, chifukwa nanenso ndili mwana ndinkadya Khirisimasi m'makomo a eni. Chimene tinasintha ndi kagawidwe. Mpunga ndi thobwa tinakonza zambiri, kabichi ndi mbatatesi za pa Lizulu zosawerengera, koma nyama anagawa ndi amayi okha, atakhala pa mphasa ndi chipande m'manja. Kwa amayi palibe amene amabwerera kukanena kuti nthuli yachepa.

Amalume athu ena amayamba kachasu dzuwa lisanatuluke, ndipo chaka chilichonse ankafika masana akuimba, n'kuyamba kufukula nkhani zakale. Achimwene anaganiza zowapatsa udindo: iwo ndiwo ayang'anire kagawidwe ka mbuzi m'mawa, mwendo uwu kwa amfumu, chiwindi kwa amayi, mutu ndi zam'kati kwa anyamata. Anabwera atavala tayi. Anakhala bwinobwino mpaka cha m'ma 2 koloko, ndipo pamene ankayamba nyimbo zawo, anthu anali atadya kale. Opempha ndalama pambali, aja amakukokera kuseri kwa nkhokwe n'kuyamba ndi "mwana wa achimwene anga", onse ndinkawayankha chimodzimodzi, kuti zonse zimene tinabwera nazo zili m'manja mwa amayi. Zinali zoona, n'chifukwa chake ndinkazinena osaphethira.

Nkhani zolemera, za munda uja ndi za chiliza cha abambo, tinazipatsa tsiku lakelake: pa 27 m'mawa, anthu asanalawe kanthu, ana atatumidwa kukatola mango, amalume aakulu eni mbumba alipo. Aliyense amene ankayesa kuiyambitsa pa 25 ankangouzidwa kuti mkuja. Sitinamalize zonse. Za chiliza tinagwirizana mwezi ndi ndalama, za munda zinatsala, ndipo mawu ena anakwera ndithu. Koma anakwera pa bwalo lake, mpunga utagayika kale.

Zina sizinayende. Achimwene a ku Joni analonjeza ndalama zambiri kuposa tonse, n'kutumiza theka lake pa 29, ife titabwerera. Chaka chino tawerengera zokhazo zimene zafika m'manja. Azakhali anandifunsabe pagulu chifukwa chimene ndinalekera pa ana awiri, ine n'kungoti, "Azakhali, thobwa lanu likuzizira," ngakhale thobwa silizizira. Ndipo mwana wanga wamkulu anadya mango osapsa ndi mchere mpaka usiku wonse tinali pa ulendo wa kuchimbudzi ndi tochi.

Tsiku limene ndimalikumbukira kwambiri ndi la 26. Mvula inagwa usiku, m'mawa nthaka ili yofewa, ndipo amayi anatulutsa thumba lija. Tonse tinalowa m'munda, wina kuboola ndi kamtengo pambali pa phando, wina kuthira ndi kachitsekero ka botolo, wina kukwirira. Bambo a kwathu, mkamwini wa m'tauni, anaterereka pa mzere n'kukhala pansi m'matope, amayi n'kutembenukira kumbali kuti aseke bwino apongozi awo asakuona. Pofika 11 koloko munda wonse unali utatha, ntchito imene amayi ndi achemwali akanaigwira masiku atatu. Madzulo ake ngumbi zinatuluka, ana anga amene ku Blantyre amathawa mphemvu akuthamangitsana nazo ndi mabeseni a madzi, ndipo tinadya nsima ya ngumbi zokazinga ndi chisoso, nyama ya mbuzi yotsala ili pambali osaikhudza.

Pa 28 akabaza atatu anafika m'mawa monga tinapanganirana. Amayi anali atamanga kale thumba la mango, ufa woyera m'ndowa, ndi nkhuku imodzi yomanga miyendo imene ndinayesa kuikana koma osaphula kanthu. Achemwali anatiperekeza mpaka pa dambo, atasenza ndowa ija. Pobwerera anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Chaka chamawa ndi ku Mulanje, eti? Ndiye mubwere pa Nyuwere, koma anyezi mukazinga ndinu." Pa Lizulu ndinagula ndowa ya mbatatesi ndi ndalama zimene zinatsala m'chikwama, ndipo nkhuku ija inalira pansi pa mpando mpaka pa Zalewa.