Mmene a Sweden amasankhira nyimbo yopita ku Eurovision

Abale inu, ikangofika February ine mtima umakhala uli ku Sweden basi. Kumeneko nyimbo yokayimira dziko ku Eurovision, mpikisano wapachaka wa nyimbo wa mayiko a ku Ulaya, samangoitola mu ofesi ayi, ali ndi mpikisano wawo wa Melodifestivalen omwe imayendetsa ndi wailesi yakanema ya SVT, amazungulira m'mizinda Loweruka lililonse kwa masabata 6 mpaka kukathera ku fainolo ku Stockholm mu March. Pafainolopo theka la mapointi limachokera kwa majaji akunja, theka linalo kwa anthu wamba ovota pafoni. Ikapita ku Eurovision, malamulo akumeneko ndi oti nyimbo isapyole mphindi 3, pasiteji anthu asapose 6.

Koma fainolo ya 2025 ija sindidzaiwala. Ambiri tinkati atenga ndi Måns Zelmerlöw poti anawinako kale Eurovision mu 2015, majaji nawo anamuika patsogolo ndithu, kenako mavoti a anthu atabwera zinthu zinatembenuka, anawina ndi a KAJ, anyamata atatu a ku Finland oimba mchilankhulo cha makolo awo cha Swedish, nyimbo yawo yokamba za sauna (kachipinda kotentha kothukutiramo thupi), wina atakolekera akodiyoni pachifuwa, kumbuyo kanyumba kamatabwa. Ine ndinachita kuimirira pampando ndi chimwemwe, chifukwa chichokereni 1998 Sweden inali isanatumizenso nyimbo yachilankhulo chawo, pafupifupi zonse zomwe inkatumiza zinali zachingelezi.

Ku Eurovision, yomwe chaka chimenecho inachitikira ku Basel ku Switzerland, a KAJ anathera pa nambala 4. Ena anadandaula poti dzikoli lawinapo ka 7 konse, koma ine nyimboyo ndimaimverabe mpaka lero mmawa uliwonse ndikamakonzeka.